Utoto Wosauma pa Chivundikiro

Lolemba, 3 Juni

Ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, mphunzitsi wathu wa zaukhondo anatiimika pamzere m'labotale kuti aliyense asuzumire pa maikulosikopu imodzi yomwe inali yabwino. Nditafika ine ndinaona kanthu kobulungira, kofiirira, ka chikhungwa cha tiziphuphu. "Limenelo ndi dzira la nyongolotsi," anatero. "Mutha kulisiya m'dothi, n'kupita kukakwatira, n'kubereka. Mudzalipeza likukudikirani." Kalasi yonse inaseka. Mayeso a phunziro limenelo ndinakhoza kuposa onse. Papita zaka khumi ndi zinayi.

Anandigoneka dzulo masana, wodi ya abambo, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Ululu pansi pa nthiti zakumanja, kusanza, maso achikasu. Lero m'mawa andijambula sikani. Wojambulayo anatembenuza kanema kuti ndione ndekha: kamzere kakatali koyera m'njira ya ndulu. Ndikuyang'ana choncho, kanapinda mchira.

Mwana wathu, amene timamutcha Phwiti chifukwa cha kuchepa kwake, ali ku wodi ya ana. Ali ndi zaka zinayi. Mimba yatupa ngati mpira, masiku atatu osapita kuchimbudzi. Loweruka m'mawa anasanza nyongolotsi yamoyo pakhonde, yaitali kuposa pensulo. Mayi ake ali naye kumeneko.

Kope ndilibe. M'chikwama changa cha kuntchito ndapezamo timapepala tomwe ndimagawa ndikamaphunzitsa anthu za chimbudzi chopanga manyowa. Ndikulemba kuseri kwake. Kumaso kwa pepala lililonse kuli mawu akuluakulu amene ndinalemba ndekha: DIKIRANI MIYEZI KHUMI NDI IWIRI.

Lachiwiri, 4 Juni

Amatidzutsa kusanache kwenikweni, kuyeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi. Kenako wokolopa, kenako ngolo ya tiyi ya gudumu lolira. Ine imangondidutsa. Pamutu pa bedi amata pepala loletsa kudya ndi kumwa. Diripi kudzanja lamanzere, botolo lachinayi. Jakisoni woletsa ululu katatu patsiku, wina wopha tizilombo kawiri. Kutentha 38.4.

Kumanzere kwanga kuli telala wachikulire amene amuchita opaleshoni ya chophuka. Pakamwa sipatsekeka. Anaona ndikulemba, basi dzina ndapata.

"Apulofesa, akuti muli ndi njoka m'mimba? Ndiye mumaidyetsa chiyani, poti tiyi akukumanani?"

Ndinamwetulira. Kuseka kumapweteka.

Adokotala ndi mayi wachitsikana, wolankhula mofulumira koma wosaiwala kanthu. Akuti nyongolotsi sakufuna kuipha idakali m'njira ya ndulu, ingafere momwemo n'kutseka. Adikira ituluke yokha ululu ukachepa. Ikakana, aitulutsa ndi chipangizo chodzera pakamwa. Anandifotokozera zonse ngati mwana wa sukulu: mazira amatuluka ndi chimbudzi cha munthu wodwala, amakhwima m'dothi, amalowa m'kamwa kudzera m'manja kapena m'masamba osatsuka bwino. Tiana take timayamba tadutsa m'mapapo.

"Munakhalapo ndi chifuwa chouma miyezi yapitayi? Inu kapena mwana?"

Ndinati inde, tonse awiri, cha mu Disembala. Tinkati ndi fumbi.

"Madzi mumamwa apampopi? Chimbudzi chanu n'chotani? Muli ndi dimba?"

Ndinati madzi ndi apampopi. Ndinati dimba lilipo, laling'ono. Funso lapakati ndinalilumpha ndipo sanabwererenso.

"Mumagwira ntchito yanji, bambo?"

"Ya zaukhondo."

Anayang'ana pafayilo nthawi yaitali kuposa momwe zinafunikira. Atelala okha ndi amene anati, "Eee, koma abale."

Lachitatu, 5 Juni

Phwiti alowa naye kufiyeta 10 koloko kukamuchita opaleshoni. Paipi ya m'mphuno sinathandize, matumbo atsekeka.

Atuluka 1:40. Adula chidutswa cha thumbo chomwe chinali chitada kale, masentimita khumi ndi asanu. Nesi amene anabwera kudzandiuza anati nyongolotsi zinadzaza kambale. Anayamba kundionetsa ndi manja kukula kwa kambaleko, kenako anabweza manja m'matumba.

Ndayeza masentimita khumi ndi asanu papepala lino. Ndi kuchokera pa mawu akuti "Phwiti" mpaka m'mphepete.

Lachinayi, 6 Juni

Kutentha 37.9. Ululu wachepa. Andilola kunyowetsa milomo.

Mkazi wanga anabwera nthawi ya alendo, masana. Ndi mphunzitsi wa kusekondale, munthu amene sapita ndi kumsika komwe osasita zovala. Lero anavala bulauzi yomwe anavala Lamulungu. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kutulutsa mapepala awiri a kulabotale. Adokotala analamula kuti a m'nyumba monse ayezedwe. Iye alibe kanthu. Mayi ake, apongozi anga, awapeza ndi mazira.

"Mwaona, bambo a Phwiti? Mwaona? Ndinkanena ine."

Apongozi anabwera kudzakhala nafe chaka chatha kuti azilera mwana ife tikapita kuntchito. Sanapite kusukulu. Ndi iwo amene anaphunzitsa mkazi wanga mpaka kukoleji pogulitsa masamba pamsewu.

"Kangati ndawauza za sopo? Amangoviika zala m'beseni, basi asamba. Amamupukuta mwana mamina ndi nsalu yomwe avala, amamutafunira nzimbe. Ndikanena, akuti inu munakula bwanji. Ndi zimenezi tsopano. Abwera nazo kumudzi, adzathira mwana wanga."

Ndinati mwina tisafulumire.

"Tisafulumire chiyani? Pepala ili likunama? Inu ndi amene munaphunzira zimenezi, nenani ngati likunama."

Ndinati pepala silikunama.

Wawauza amayi akewo kuti asalowenso ku wodi ya ana. Phwiti akangotuluka pangozi, azibwerera kwawo. Akunena zimenezi ndinaona kuti mkwiyowo ndi umene ukumuimika. Ndinamugwira dzanja.

Atachoka, Atelala anandipatsa nthochi, ataiwala kuti sindikudya. Ili pakabati.

Lachisanu, 7 Juni

Andilola tiyi wopanda mkaka ndi phala lamadzimadzi, masipuni asanu. Lero mutu uli bwino, ndiye ndilembe zimene zinachitika, mwadongosolo, monga ndimalembera malipoti.

Kuseri kwa nyumba yathu ndinamanga chimbudzi cha zipinda ziwiri, chomwe ndimaphunzitsa anthu. Mumagwiritsa ntchito chipinda chimodzi, kuthira phulusa nthawi iliyonse. Chikadzaza mumatseka, n'kulemba deti pachivundikiro ndi utoto, n'kusamukira chinacho. Pakatha chaka mumatsegula, mupeza manyowa ouma, opanda fungo. Chaka chimenecho si cha fungo ayi. Fungo limatha msanga. Chaka ndi cha mazira a nyongolotsi, amene amafa pomalizira pa zonse.

Chipinda chathu chinadzaza msanga chifukwa amisiri asanu ndi mmodzi omwe ankatimangira mpanda anachigwiritsa ntchito miyezi itatu. Ndinatseka mu Epulo chaka chatha. Apongozi anali atangofika sabata yomweyo.

Mu Seputembala abwana anandiuza kuti kukubwera alendo a bungwe lomwe limathandiza ntchito yathu, ndipo akufuna kuona dimba lenileni lothiridwa manyowa amenewa, la munthu wophunzira, osati zithunzi. Anati, "Inu si muli nacho kunyumba kwanu? Chakhwima?" Ndakhala paofesi imeneyo zaka zisanu ndi zitatu ndipo aka kanali koyamba kundifunsa kanthu pamaso pa anthu. Ndinati chakhwima.

Loweruka lotsatira mkazi wanga anapita kukalembetsa mayeso. Ndinatsegula chivundikiro. Miyezi isanu. Manyowa anali ouma, akuda, ofumbutuka m'manja. Ndinanunkhiza. Ndinadziuza kuti kwatentha chaka chino, phulusa tinkathira lambiri, ndipo miyezi khumi ndi iwiri timangouza anthu kuti pakhale mpata. Ndinatuta mawilibala anayi n'kuthira m'mabedi a kaloti ndi letesi. Kenako ndinatenga utoto wofiira, n'kufuta deti, n'kulemba la chaka cham'mbuyo, kuti alendo akawerenga ziwerengero zigwirizane.

Alendo anabwera mu Novembala. Anajambula Phwiti atanyamula karoti. Chithunzicho chili pakhoma la ofesi.

Phwiti ankakonda kuzula yekha, kupukuta padiresi, n'kudya pomwepo. Ine ndinkadya letesi wamuwisi madzulo aliwonse kuti anthu aone kuti ndimakhulupirira ntchito yanga. Mkazi wanga zaziwisi sadya. Apongozi nawo sadya, amati zimenezo n'za mbuzi, koma ndi iwo ankapalira m'mabedimo ndi manja.

Sanabwere nazo. Ndinawapatsa ine.

Loweruka, 8 Juni

Ndapempha kupita ku wodi ya ana. Nesi anandikankha panjinga ya odwala, botolo la diripi ndili nalo m'manja ngati nyali.

Phwiti ndi wamng'ono kwambiri pabedi limenelo. Paipi m'mphuno, bandeji kuchokera pamchombo kutsika. Kutentha 39.1 kuyambira dzulo. Akuti akuopa kuti pomwe analumikiza thumbo pangatayikire. Akudikira kuti atulutse mpweya, ndicho chizindikiro choti matumbo adzuka.

Anatsegula maso. "Adadi, agogo ali kuti?"

Mayi ake anati agogo ali kunyumba, akupuma.

Pobwerera tinadutsa pakhonde loyang'ana pakapinga pomwe amakhala odikirira odwala, ndi mabeseni awo ndi zovala zoyanika pamaluwa. Apongozi ali pomwepo, pansi pa windo la wodi ya ana, miyendo atatambasula. Nesi akuti amafika m'mawa uliwonse geti lisanatsegulidwe ndipo amachoka akawathamangitsa. Pambali pawo pali sopo watsopano, adakali m'pepala lake.

Ndinauza nesi kuti ndatopa, afulumire.

Lamulungu, 9 Juni

Kutentha 37.2. Chikasu m'maso chikuchepa. Anthu a mapemphero anadutsa m'wodi, bedi ndi bedi. Atelala anawauza kuti apempherere njoka yanga ipeze khomo.

Cha m'ma 3 koloko apongozi analowa. Anaima patali, kumapazi kwa bedi, n'kugwada pang'ono. Ananditengera msuzi wa nkhuku m'kabotolo, atakulunga ndi thaulo.

"Ndasamba ndi sopo, bambo. Kawiri. Mutha kumwa."

Ndinati, "Amayi, khalani pampandopo." Anakhala pansi pasimenti.

Anafunsa za ululu, ndinayankha. Ndinafunsa ngati amwa mankhwala awo, anati amwa, piritsi limodzi lotafuna, lokoma ngati switi yoola. Atelala anatembenukira kukhoma n'kuyamba kuliza mkonono wabodza.

Kenako apongozi anati, motsitsa mawu, "Dimba lija ndalizula lonse. Ndakwirira kuseri. Ana a oyandikana nawo ankalowa."

Ndinalephera kuwayang'ana.

"Kuwerenga sindidziwa, bambo. Koma utoto wosauma ndimaudziwa. Unandipaka pansalu tsiku lija ndikukatenga tsache. Ndipo chimbudzi chija munatseka ine nditafika. Miyezi ndimawerenga."

Ndinati, "Bwanji simunanene, amayi?"

"Ndikanati chiyani? Inu ndinu wophunzira. Ndinati mwina pali zimene mukudziwa."

"Nanga Lachinayi, pamene mwana wanu ankakukalipirani?"

Anakonza nsalu pamaondo. "Mwana wanga ndimamudziwa. Ine akandikwiyira, pakatha chaka adzabwera ndi shuga, tidzakhala pakhonde, zatha. Mayi satayidwa. Koma inu akakukwiyirani pa nkhani ya mwana, sindikudziwa ngati nyumba ija iima. Phwiti akufunika bambo m'nyumba. Ine ndakalamba, mawu sandiboola. Musanene kanthu."

Ndinati si bwino choncho.

"Zabwino zinatsala m'chimbudzi muja, bambo. Imwani msuzi usanazizire."

Ndinamwa iwo akuyang'ana. Potuluka anatenga kabotolo kawo, n'kugwadanso pang'ono pakhomo.

Atelala anasiya mkonono. Sananene nthabwala iliyonse mpaka ngolo ya chakudya chamadzulo inafika.

Lolemba, 10 Juni

Sikani yachiwiri: njira ya ndulu ili mbee, yatuluka yokha. Andipatsa alubendazo, mankhwala opha nyongolotsi, mamiligalamu 400, kutafuna. Diripi achotsa. Akuti masiku awiri atatu ndiziona zikutuluka, ndisadabwe, ndipo pakatha milungu iwiri ndidzayezetsenso.

11:20 mkazi wanga anathamangira m'wodi, osati nthawi ya alendo, nesi akumukuwira kumbuyo.

"Waphwisa! Bambo a Phwiti, mwana waphwisa!"

Wodi yonse inaomba m'manja. Atelala anati kuyambira pomwe anabadwa sanaonepo mphepo yolandiridwa ndi ulemu wotere, ndipo iwo akamachita zomwezo kunyumba amawathamangitsira panja. Mkazi wanga anaseka mpaka kulira, anagwetsa mutu pachifuwa panga. Kutentha kwa mwana kwatsika, 37.6. Mawa ayamba kumumwetsa madzi.

Atapukuta maso anati, "Amayi anyamuka Lachitatu, basi ya masana. Ndawauza. Ndipeza mtsikana wantchito, wophunzirako."

Ndinatsegula pakamwa. Ndinafunsa ngati kunyumba magetsi alipo.

Lachiwiri, 11 Juni

Zatuluka zinayi m'mawa, zakufa. Ndinaziyang'ana nthawi yaitali. Zoyera, zosalala, zopanda maso. Sizinalakwe kanthu, zinangopita komwe ndinazitumiza.

Ndayesa kawiri lero. Koyamba mkazi wanga ankasenda lalanje, akunena kuti Phwiti wamwa masipuni atatu ndipo wafunsanso za agogo ake. Anati, "Mukudziwa chimene chikundipweteka? Sanapepese n'komwe. Amangoti chabwino mwanangu, chabwino mwanangu. Mayi anga enieni." Anasiya kusenda. "Ndinawauza mawu oipa, bambo a Phwiti. Ndinati umbuli wawo ukanandiphera mwana. Koma nanga si zoona?" Ndinati lalanje likudontha pabulangete.

Kachiwiri ndinamuitana ali pakhomo. Anacheuka. Ndinati abweretse malaya oyera mawa.

Ndakhala wotere moyo wanga wonse. Pamsonkhano yankho ndimalidziwa, koma ndimadikira wina anene. Tsiku limodzi lokha ndinayankha msanga, tsiku la abwana lija.

Mwina apongozi akunena zoona. Mwina chaka chimodzi, shuga, pakhonde, zatha. Koma Phwiti adzakula ndi chipsera pamimba, adzafunsa, ndipo adzamuuza kuti ndi agogo. Ndipo timapepala iti ndidzapitiriza kugawa.

Atelala atuluka masana ano. Ana awo anabwera ndi jekete lomwe Atelalawo anasoka okha, lowakwana bwino kwambiri. Ponditsanzika anawerama ngati akukonza pilo wanga.

"Apulofesa, ine makutu anga ndi a ntchito, ndimamva ndi zomwe sanandiuze. Ndikadula nsalu ya kasitomala molakwa, ndimatha kuibisa mumpendero. Imabisika ndithu. Koma ine ndimaidziwa, ndipo munthuyo akamadutsa pamsewu atavala, ndimalowa m'shopu." Anawongoka. "Mwalemba sabata yathunthu. Amene mukumulembera ndi mphunzitsi, si choncho? Kuwerenga amatha."

Anandisiyira nthochi ina.

Lachitatu, 12 Juni

Kutentha 36.8. Akuti nditha kutuluka mawa. Phwiti atsala masiku ena asanu, wadya phala masipuni anayi ndipo silinabwerere.

Bedi la kumanzere ayalapo nsalu zatsopano. Pawindo la kumapeto ndikutha kuona pakapinga. Apongozi ali pamalo awo, pansi pa windo la ana, chikwama chawo chachikulu chili pambali, chomangidwa ndi chingwe. Awalola kulowa mphindi zisanu kuti atsanzike mdzukulu wawo. Basi imanyamuka 2 koloko. Tsopano ndi 12:15.

Mayi a Phwiti, mapepala awa sindinayambe kulembera inu. Ndinkangofuna manja akhale ndi chochita. Koma zonse zili muno, ndipo sindinakonze kalikonse kuti ndioneke bwino. Mukafika kunyumba kayang'aneni chivundikiro cha chipinda chakumanzere. Mukapala ndi mpeni, deti lenileni lili pansi. Abwana ndikawauza ndekha Lolemba, ndipo chithunzi chija ndikachichotsa pakhoma.

Amayi anandiletsa kunena. Musawakwiyire pa chimenecho, ankateteza nyumba yanu. Za ine muganiza mmene mungaganizire, nthawi ilipo, ndipo sindikupempha kanthu. Koma basi ndi ya 2 koloko.

Ndikumva nsapato zanu pakhonde. Mapepala ndi khumi ndi limodzi, ndawaika m'dongosolo, Lachisanu lili pamwamba. Ndikuwapinda pakati. Muwerenge pompano, musanapite pakapinga.